Mkulu amene ananditengera jezi ya nambala faivi

Ndinasewera mpira m'timu yaing'ono ya ku George komboni, mu Lusaka, kuyambira ndili mnyamata mpaka nditakwatira. Timu yathu inali ya m'divizhoni ya pansi kwenikweni, kumene masewero saulutsidwa pa wailesi ndipo zotsatira zimangodziwika kwa amene anabwera kudzaonera. Mwini wake anali mkulu wina wa butchala ku Matero. Iyeyo ndiye ankatigulira mpira, ndipo tikapambana ankatiwotchera chiwindi ndi matumbo kuseri kwa butchalayo. Kochi wathu anali mphunzitsi wa ku pulayimale, munthu wofatsa, amene mpira anauphunzira m'buku ndi pa wailesi basi. Ine ndinali wotchinga kumbuyo, jezi yanga nambala faivi. M'mawa ndinkawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kwa amalume anga, dzuwa likapendeka n'kuthamangira ku bwalo.

Zinali zaka zija zinthu zitayamba kuvuta. Ufa tinkachita kuufolera pamzere, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa miyezi, ndipo mafakitale ankatseka imodzi imodzi. Bambo anga anabwera kuchokera ku Malawi ali mnyamata ndipo anasoka m'fakitale ya zovala zaka zambiri, koma tsiku lina anangouzidwa kuti asabwerenso. Anaika makina awo pakhonde n'kumachepetsa ndi kukonza zovala za salaula, zija zakale zochokera kunja. Makampani akuluakulu amene ankasunga matimu a ligi yaikulu nawonso anayamba kutaya anthu. Kale wosewera wa ligi yaikulu ankalembedwa ntchito pakampanipo n'kupatsidwa nyumba. Tsono kampani ikagwa, kapena wosewerayo akakula, ntchito ndi nyumba zinkapita tsiku limodzi. N'chifukwa chake anthu amene tinkangowamva pa wailesi tinayamba kukumana nawo m'mabwalo athu afumbi.

Tsiku lina tikukonzekera masewero tinaona bambo wina wamtali atakhala pa tayala lakale m'mbali mwa bwalo. Anavala jekete lofwifwa, pamiyendo atasanjika kathumba ka pulasitiki. Sanalankhule ndi munthu. M'mawa mwake anabweranso, n'kukhala pomwepo. Goloboyi wathu anati ameneyu ndi wapolisi wovala zovala wamba, ena anati ndi munthu wosowa kolowera ngati ambiri masiku amenewo. Tsiku lachitatu kochi anapita kukawalonjera. Tinaona akuvula chipewa n'kugwira dzanja la mlendoyo ndi manja awiri. Atabwerera kwa ife anatiuza dzina la mlendoyo.

Dzinalo ndinali nditalimva kuyambira ndili mwana. Masana a Loweruka bambo ankaika wailesi pa mpando panja, anzawo a ku Malawi n'kusonkhana, ndipo woulutsa mpira ankalitchula nthawi zonse mpira ukayandikira golo la timu ina ya ku migodi. Munthuyo anasewerapo ngakhale m'timu ya dziko. Tikamamenya chimpombwa, mpira wathu wa mapepala omanga ndi zingwe, aliyense wotchinga kumbuyo ankadzitcha dzina limenelo. M'maganizo mwanga anali chimphona. Koma amene anaima patsogolo pathu anali munthu wa imvi za apo ndi apo, wolowa masaya, woyenda mokoka pang'ono mwendo wamanzere. Ntchito ku mgodi inali itatha, nyumba ya kampani anatulukamo, akazi awo ndi ana anawatumiza kumudzi, ndipo iwo ankagona pabalaza kwa mlongo wawo ku Matero akufunafuna ntchito. Anapempha kuti azisewera nafe kuti thupi lisaume. M'kathumba muja munali nsapato za mpira zosokedwasokedwa ndi ulusi wa matayala. Dzina lawo linkatilemera pakamwa, choncho tinkangoti ba faivi, ngati kunena kuti a faivi, nambala imene ankavala m'ligi yaikulu.

Vuto linali lakuti faivi m'timu muja ndinali ine. Lamlungu lotsatira kochi anatenga jezi yanga osandiyang'ana kumaso n'kuipereka kwa iwo. Ndinakhala pa benchi, lomwe linali thabwa losanjika pa njerwa. Chimene chinandipweteka koposa ndi bambo. Zaka zonse ndikusewera anali asanapondepo ku bwalo, ankati mpira ndi wa anthu osowa chochita. Tsiku limenelo anafunditsa makina, kuvala jekete la ku tchalitchi, n'kubwera ndi anzawo awiri. Masewero atatha anapita kukawagwira dzanja ba faivi. Kunyumba anafotokozera amayi zonse, mmene munthuyo ankaimira, mmene ankamenyera mpira ndi mutu. Amayi atafunsa kuti nanga mwana wathu wasewera bwanji, bambo anayankha kuti, "Ameneyu wakhala bwino pathabwa."

Ndinakwiya masabata atatu. Ndinkauza anzanga kuti kochi wakomedwa ndi dzina, kuti munthuyo anatha kalekale, ndipo ena ankandivomereza. Tsiku lina tikukonzekera, kochi anatigawa pawiri, ine mbali ina, iwo mbali ina. Mpira unagwera pakati pathu. Ndinauona kuti sindiupeza, komabe ndinalowa ndi miyendo yonse iwiri n'kuwatchera mwendo wamanja. Anagwa chagada, fumbi koboo. Anadzuka pang'onopang'ono, kusansa kabudula, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Titamaliza ananditumizira mawu kuti ndiwapeze kuseri kwa golo. Ndinapita ndikuyembekeza mbama. Ndinawapeza atakhala pansi akumasula bondo lamanzere. Analikulunga ndi nsanza za chitenje, pamwamba n'kumanga mphira wa chubu cha njinga. Atamasula ndinaona bondo lotupa ngati papaya, chipsera cha opaleshoni chitayenda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Analoza ndi chala.

"Waona, mwaiche? Ukafuna kunichotsa mu timu, menya apa. Kuja wamenya lelo kulibe vuto."

Mwaiche ndi mawu a Chibemba, ngati kunena kuti mng'ono wanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso mwina. Ndinayamba kupepesa koma anandidula. Anati masiku atatu aja atakhala pa tayala ankaonera ine, chifukwa munthu amayang'ana kaye amene akusewera malo ake. Anati mutu ndili nawo wabwino, mphamvu ziliponso, koma ndimathamangira chilichonse ngati galu akaona njinga. Kenaka anandiuza kuti alankhula kale ndi kochi kuti Lamlungu ndisewere pambali pawo, nambala sikisi. Analankhula naye dzulo lake, ndisanawatchere.

Kusewera pambali pawo kunali sukulu ina. Munthu uja sankathamanga. Ankangoyenda masitepe angapo n'kuima pamalo pooneka ngati popanda ntchito, kenaka mpira n'kubwera pomwepo ngati wautuma. Pakamwa pokha ndiye sipankapuma. Ankandikalipira kuyambira wezulo woyamba mpaka wotsiriza, Chibemba ndi Chinyanja kusakaniza. Ankati ndisamayang'ane mapazi a wogoletsa chifukwa mapazi amanama, ndiziyang'ana m'chiuno. Ankati wotchinga kumbuyo akagona pansi ndiye kuti analakwitsa kale kwina. Mpira ukaponyedwa kumbuyo kwathu ankangoti "pita", ine n'kuliyatsa liwiro, iwo n'kutseka pamene ndachokapo. Tsiku lina ndinadandaula kuti ntchito yonse ndikugwira ndine. Anaseka, kuloza miyendo yanga kenaka maso awo, n'kunena kuti, "Mendo ni yako, menso ni yanga. Tikagawana so, tili munthu umodzi wabwino." Zigoli zimene tinkamwa zinachepa, ndipo anthu anayamba kudzaza m'mbali mwa bwalo.

Sikuti onse ankabwera ndi ulemu. Anyamata a pa siteji ya minibasi ankakuwa kuti agogo apite akalere adzukulu, ena n'kumatsanzira kayendedwe kawo. Iwo sankacheuka. Komanso sindinganame kuti anali munthu wophweka. Sanayamikirepo munthu pamaso. Kochi akamafotokoza mmene tisewerere, iwo ankayang'ana kumwamba mpaka mphunzitsi uja mawu kumuthera. Analinso ndi kunyada kwawo. M'mawa uliwonse ankapukuta nsapato zakuda, kuvala malaya oyera, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Akabwera ankatiuza kuti bwana wina wawalonjeza ntchito mwezi wamawa. Mwezi wamawa unkafika n'kupita. Amalume anga anawapezera malo a ulonda pa sitolo ya mmwenye wina, iwo anakana, amvekere anthu akawaona ataima pageti adzati chiyani. Koma tikapita ku butchala titapambana, ndinkaona kuti gawo lawo la nyama ankangolawako kachidutswa. Yotsalayo ankaikulunga m'nyuzipepala mosaonetsera n'kuika m'kathumba ka nsapato. Kwa mlongo wawo kunali ana asanu. Nditazindikira, ndinayamba kunamizira kuti chiwindi chimandipweteketsa m'mimba n'kumakankhira changa mbali yawo.

Chapakati pa chaka tinapita kukasewera ku Chawama. Tikuvala tinamva kuti timu ya kumeneko nayonso yapeza wake wa ligi yaikulu, wogoletsa amene zaka zakumbuyo dzina lake linkagwedeza masitediyamu. Nditamuona ndinaseka. Anali wamfupi, mimba itatsogola, jezi ya nambala naini itamuthina, ndipo atandiyandikira ndinamva fungo la mowa ngakhale anali masana. Ba faivi anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti ndisamugunde thupi, ndizimusiyira sitepe imodzi. Chigawo choyamba munthuyo sanachite kanthu. Ankangoyendayenda manja m'chiuno, akucheza ndi oonerera. Ndinaiwala chenjezo lija. Chigawo chachiwiri chitangoyamba mpira unabwera kwa iye atandifulatira, ine n'kumukanikiza kumsana kuti ndimulande. Anangonditsamira pang'ono ngati munthu wotopa, kenaka pamene ndinatsamira panalibenso munthu. Ndikudzuka, mpira unali muukonde. Patapita kanthawi anachitanso chimodzimodzi, ulendo uno kutembenukira mbali inayo. Akubwerera pakati anandisisita m'mutu n'kundinong'oneza kuti mphamvu ndili nazo, koma ndi mphamvu za pa wilibala.

Tinagonja. Ine ndinkafuna kungothawira kunyumba, koma ba faivi anandiitana. Anali atakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu ndi wogoletsa uja, akugawana chinangwa chootcha. Anthu awiriwa anamenyana zigongono zaka zambiri m'ligi yaikulu, ndipo dzino limodzi la wogoletsayo linatsala pa chigongono cha ba faivi. Ankaseka pokumbutsana zimenezo. Anandipatsa malo ndi chidutswa cha chinangwa, n'kupitiriza nkhani zawo. Anakumbutsana ulendo woyamba kukwera ndege, ndi hotela ina kunja kumene anawaikira mafoloko atatu munthu mmodzi, onse n'kumadikira kuti wina ayambe. Kenaka anayamba kufunsana za anzawo. Uyu akuyendetsa minibasi. Uyu anapita kumudzi. Uyu akudwala, sakudzukanso. Uyu tinaika chaka chatha. Zaka zimenezo anthu ankafa kwambiri, ndipo mayina amene ankatchulidwa pansi pa mtengo paja anali omwe aja ndinkawamva pa wailesi ya bambo.

Wogoletsa uja anati kampani yawo inamulemba ngati kalaliki zaka zonse zimene anasewera, koma sanakhalepo pa desiki ngakhale tsiku limodzi. Ankangopita kukasaina m'mawa n'kupita ku bwalo. Timu itatha anapita kukafuna ntchito kwina ndi kalata yonena kuti ndi kalaliki wodziwa ntchito, atamupatsa fomu kuti alembe anatuluka thukuta mpaka anachoka osatsanzika. Ananena akuseka, koma ba faivi sanaseke. Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza kuti mnzawoyo aone zipsera za moto, n'kumuuza kuti uyu ndi wowotcherera, geti amapanga yekha kuyambira pachiyambi mpaka kumaliza. Kanali koyamba kuwamva akunena chabwino cha ine kwa munthu wina, ndipo sichinali cha mpira.

Ngakhale zinali choncho, mtima wanga unali ku ligi yaikulu. Ndinkawavutitsa kuti andilankhulire kwa anzawo. Ankazemba, tsiku lina n'kungondiuza kuti Lolemba ndipemphe tchuthi kwa amalume. Kochi wa timu ina yaikulu ya mu Lusaka momwemo anasewera nawo limodzi m'timu ya dziko, ankagona chipinda chimodzi pa maulendo. Tinanyamuka m'mawa, iwo atavala malaya oyera aja. Pageti la bwalo la timuyo panali mlonda wachinyamata. Ba faivi anatchula dzina lawo. Mlondayo anafunsa kuti ndani, iwo anabwereza, iye n'kuti tidikire panja. Tinaima padzuwa nthawi yaitali, magalimoto akulowa ndi kutuluka. Iwo ankangoyang'ana nsapato zawo.

Kochi uja atatuluka anawakumbatira ndithu, koma maso ake ankathawathawa, ndipo asanafunsidwe kanthu anayamba kufotokoza kuti zinthu zavuta, kampani yachepetsa anthu, ngakhale womuthandiza mmodzi amuchotsa. Ba faivi anamusiya amalize. Kenaka anati sanabwerere zawo, abweretsa mnyamata kuti amuone. Ndinaona mapewa a kochi uja akutsika, nkhope n'kumasuka, kuseka kwenikweni n'kubwera. Ba faivi anaonanso. Anandikankhira kutsogolo n'kupita kukakhala pa simenti kumapeto kwa bwalo.

Kanali koyamba kuponda bwalo la udzu wobiriwira. Mipira inali yambiri moti wina ukatuluka sankauthamangira. Ndinayesedwa masiku atatu, ndipo masiku onsewo iwo ankandiperekeza. Mipira ya m'mwamba ndinkaitenga pafupifupi yonse, mpaka wosewera wina wamkulu wa timuyo, amene chithunzi chake chinkatuluka m'nyuzipepala, anandifunsa kumene ndimasewera. Nditamuuza anagwedeza mutu mwaulemu, ngakhale zinkaoneka kuti timu yathu sanaimvepo. Koma mpira wa pansi unkayenda mofulumira kuposa maganizo anga. Ndikamati ndiyang'ane m'chiuno, munthu wadutsa kale. Panalibe wondiuza kuti pita. Tsiku lachitatu womuthandiza kochi analemba dzina langa pa kapepala n'kunena kuti adzatumiza mawu.

Tinabwerera wapansi motsata njanji. Ine ndinali ndi chiyembekezo, ndinkangolankhula za mipira ya mutu ija. Titayandikira Matero ndinawafunsa kuti akuganiza kuti mawuwo abwera liti. Anaima.

"Sazakuitana, mwaiche."

Ndinafunsa chifukwa. Anati ndimachedwa ndi sitepe imodzi, ndipo sitepe imeneyo munthu amaiphunzira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa bwalo losalala, ali ndi womuphunzitsa. Ine ndinakulira pa mabwalo a miyala pamene umayamba wadikira kuti uone kumene mpira udumphire. Sichinali chifukwa changa, koma sichikanathekanso kukonzeka. Ndinawafunsa mokwiya kuti ngati ankadziwa ananditengeranji. Anati ankadziwa ndithu, koma m'mabala a mowa a ku migodi anasiyamo amuna ambiri okalamba amene mpaka lero amati akanasewera m'timu ya dziko koma anawatsekereza. Sanafune kuti ndidzakhale mmodzi wa iwo. Anafuna ndikaone ndi maso anga.

Tinayenda mpaka pa mphambano ya kwa mlongo wawo osalankhulana, ndipo sindinawatsanzike. Kunyumba ndinauza amayi kuti mutu ukundipweteka. Mawa lake ndinawotcherera mafelemu tsiku lonse, ndikudziuza kuti mpira ndausiya. Koma nthawi itakwana miyendo inanditengera yokha ku bwalo. Ndinawapeza akumanga bondo. Anangondiyang'ana n'kunena kuti ndachedwa. Mawu a ku timu yaikulu aja sanabwere.

Masewero awo otsiriza anali ku Kanyama, mvula itayamba. Amene amadziwa Kanyama nthawi ya dzinja akudziwa mmene madzi amakhalira. Theka la bwalo linali dziwe, achule akulira kuseri kwa golo. Oyimbira anafuna kuimitsa, koma matimu onse anali atafika, anthu atasonkhana, ndiye anati tiyeni. Ndinawauza ba faivi kuti apume tsiku limenelo. Anandifunsa ngati ndayamba ukochi. Chigawo chachiwiri adani anamenya kona. Tinadumpha tonse awiri, iwo n'kuufikira mpira, kuuchotsa bwinobwino. Potera mwendo wamanzere unalowa m'kadzenje kobisika m'madzi. Ndinamva kulira kwake ndili pambali pawo, ngati nthambi youma. Sanakuwe. Anangogona chammbali m'matope atagwira udzu ndi manja onse awiri, mano ataluma.

Galimoto sikanatha kulowa m'komboni chifukwa cha madzi. Tinabwereka wilibala kwa mayi wina wogulitsa makala, kuyalamo majezi, n'kuwakweza. Tinkasinthana kukankha, madzi m'mawondo, anthu ataima m'makomo kutiyang'ana. Bambo wina wachikulire anawazindikira n'kuvula chipewa, mkazi wake akumufunsa kuti ndani ameneyo. Ba faivi anaphimba nkhope ndi mkono mpaka tinafika pamsewu. Kuchipatala anawaika pulasitala n'kuwauza kuti mpira ndiye basi. Ndodo zoyendera kunalibe, anati tikafune tokha.

Ndinapempha amalume zidutswa za paipi ya madzi. Ndinapita kwa mlongo wawo kukawayeza kuyambira m'khwapa mpaka pansi ndi chingwe, n'kuwotcherera ndodo ziwiri, kunsi kwake n'kuveka mphira wa tayala. Bambo anasoka timapilo ta m'khwapa ndi nsalu ya jekete la salaula, ndipo anaumirira kuti tikapereke limodzi. Ba faivi anaziyesa pabalaza paja, kupita kukhomo ndi kubwerera. Anati ndodozi n'zolemera moti zikhoza kuchirikiza denga la mgodi. Kenaka anakhala pansi n'kuzigoneka pamiyendo, akusisita pamene ndinalumikiza, ndipo anati mzere wake ndi woyera. Bambo anacheza nawo mpaka dzuwa kupendeka, nkhani za masewero akale, bambo akukumbuka zigoli zimene mwini wakeyo anali ataziiwala.

Pulasitala atachotsa anaganiza zotsatira akazi awo kumudzi, kumpoto, kuti akayese ulimi. Za ntchito ya mwezi wamawa sanazitchulenso. Tinawaperekeza ku siteshoni ya basi anthu anayi, ine, kochi, goloboyi ndi mlongo wawo. Katundu wawo anali chikwama chimodzi. Sutikesi ina anaisiya kwa mlongo wawoyo, amvekere adzaitenga akadzakhazikika. Kwa kochi anapepesa chifukwa chomudula mawu nthawi zambiri, mphunzitsi uja mpaka misozi. Kwa ine anangoti ndizilankhula pa bwalo, ndimakhala chete kwambiri, ndipo amene adzasewere pambali panga adzafuna kumva mawu. Basi inachedwa kunyamuka, ndiye tinangoima pawindo mpaka inadzaza.

Ndinasewerabe zaka zina zingapo. Sitinakwere divizhoni, sitinatsikenso. Timu inatha pamene mwini butchala anatseka, anthu atasiya kugula nyama. Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatira, nditatsegulanso malo anga owotcherera ku Kalingalinga, kumene ndili mpaka lero. Ba faivi analemba kalata imodzi yokha, kwa kochi, yonena kuti chimanga chachita bwino ndipo Loweruka amaphunzitsa ana a pasukulu ya pafupi.

Uthenga wa imfa yawo unabwera ndi mlongo wawo, amene anachita kundifunafuna mpaka ku Kalingalinga. Anali atadwala miyezi ingapo, ndipo pamene uthenga unkafika ku Lusaka n'kuti ataikidwa kale. Pa wailesi sindinamve akulengeza, kapena analengeza ine ndili pa ntchito. Mlongo wawoyo anakonza kuti Loweruka masana anthu akhale nawo pang'ono kunyumba kwake. A timu yathu yakale tinapezeka asanu. Panabweranso oyandikana nawo nyumba ndi amayi a ku tchalitchi, amene ambiri ankangodziwa kuti kwamwalira mchimwene wa mnzawo.

Nyimbo ndi pemphero zitatha, mayiwo anatulutsa sutikesi n'kuitsegula pa mphasa. Munali mamendulo okulungidwa m'sokosi, jekete la timu ya dziko lodyedwa ndi njenjete, ndi zithunzi zambiri. Anati akufuna kuzitumiza kwa ana a malemuwo, koma anawo anali aang'ono pamene bambo awo ankasewera, ndipo mayiwo nawonso mpira sankautsatira. Sankadziwa kuti anthu a m'zithunzimo ndi ndani. Anatipempha kuti tiwathandize. Tinakhala mozungulira, kochi atavala magalasi, pensulo ili m'manja, tikupatsirana chithunzi chimodzi chimodzi. Uyu ndi uje, ankasewera kumanja. Ayi, ameneyo ndi mng'ono wake. Tikagwirizana, kochi ankalemba mayina kumbuyo kwa chithunzi mwa zilembo zake za pa bolodi. Pena tinkatsutsana mpaka kuiwala kuti tili pamaliro, mayi aja n'kumatiyang'ana akumwetulira. Tinamaliza dzuwa litapendeka. Zithunzi zinayi zinatsala zopanda dzina lililonse kumbuyo, chifukwa panalibe mmodzi wa ife amene anawadziwa anthuwo, ndipo mayiwo anaziika pamodzi ndi zinzake n'kutseka sutikesi.